Chaka Chimene Ndinakana Moto Wozizira

Ana a m'mudzi mwathu amati chaka cha mbuliwuli. Akuluakulu sachitchula dzina ine ndikakhalapo. Ine ndimati chaka chimene ndinakana moto wozizira. Pakhomo timalankhula Chikunda, koma izi ndikulemba m'Chinyanja, chifukwa ndimo ndinaphunzirira kupemphera, ndipo munthu akafuna kuulula pakamwa pake pamabwera mawu a pemphero.

Ndine mlimi wa ku Mnkhanya. Sindine mbusa. Ndine uja ankaimirira kutsogolo kuwerenga Mawu abusa akatsekerezedwa ndi madzi kutsidya kwa mtsinje wa Lupande, uja ankayambitsa nyimbo pamaliro. Anthu ankanditcha Aneneri mwanthabwala. Ndinkakana ndi pakamwa, mumtima ndikukondwa.

NOVEMBALA

Mvula yoyamba inabwera mwaulemu, masiku atatu otsatizana, ndipo dothi lakuda la m'chigwa linatseka ming'alu yake. Ndinabzala chimanga munda wonse waukulu. Mapira ndinali nditawasiya zaka zingapo, ndikumati ndi chakudya cha mbalame ndi cha anthu akale.

Anandibweretsera ndi mlongo wanga Esinati. Ndi wamng'ono kwa ine, wamasiye, ana ake onse anakwatiwa kutali. Nyumba yake inali yomalizira m'mudzi, pamene pamayambira dambo la udzu wautali lotsikira ku kamtsinje. Iye sanataye mbewu imene malemu amayi anatisiyira, mapira ofiira aja a ngala zowerama. Anafika ndi beseni pamutu.

"Alongo, ponyani awa kumunsi kwa munda."

"Ndiwatani mapira ine? Ukufuna ndikhale woingitsa mbalame ukalamba uno?"

"Mwakalamba liti? Ponyani basi. Chimanga chanu cha m'sitolocho chimafuna madzi tsiku ndi tsiku ngati mwana wa bwana."

Mkazi wanga, amake Tisa, analandira beseni ndi manja awiri ine ndikusekabe. Ndi iye amene anabzala mizere ija kumunsi, kumalire ndi dambo. Ine ndinangokwirira.

JANUWALE

Mvula inadula chimanga chili m'chiuno. Masana mitambo inkasonkhana kumapiri a kum'mawa, kuda bii, kugunda, kenaka n'kumwazika ngati anthu amene aitanidwa ku msonkhano mwini wake osabwera. Tinasala kudya masiku atatu monga mpingo, ndipo ndinatsogolera ndine. Ndinawakumbutsa za mneneri uja anagwada paphiri n'kutuma munthu kukayang'ana kunyanja kasanu ndi kawiri, mpaka kamtambo kanatuluka. Ife tinayang'ana kasanu ndi kawiri, tinawonjezanso. Kumwamba kunakhala ngati chitsulo.

FEBULUWALE

Chimanga chinamasula ngayaye chili chachifupi, ngayayezo zinauma, masamba anapotana ngati a anyezi. Ukamayenda m'munda unkamva phokoso la mwezi wokolola, koma m'mapesi munalibe kanthu.

Chimanga cha ogulitsa timayeza pa meda, kachidebe kaja. Mtengo wa meda unkasintha munthu uli panjira. Ukaufunsa Lolemba n'kubwerera kukagulitsa nkhuku, pofika Lachisanu nkhukuyo yachepa. Maloji ambiri a alendo odzaona nyama amakhala otseka nyengo imeneyi, choncho ganyu kunalibe. Mango tinawatha ali aawisi, ophika. Amayi ankapita m'magulu kukakumba mpama, chilazi cham'tchire, ndipo ankauviika masiku kuti ululu uchoke. Banja lina silinadikire masiku okwanira, linagona kuchipatala lonse.

Mphekesera ndizo zinabereka bwino chaka chimenecho. Ena ankati malole a chimanga cha chithandizo awaona akutsika kuchokera ku Chipata. Ena ankati anabwezedwa. Ena ankati chikadzabwera adzapatsa okhawo amene nkhokwe zawo zili gwaa, ndipo kudzabwera anthu ndi ndodo kudzapisa m'nkhokwe ndi pansi pa mabedi. Mphekesera yomalizayi sindikudziwa anaiyamba ndani. Inalowa mwa ine ngati munga, n'kuthyokera momwemo.

Mapira okha anaima. Anatuwa, anapinda masamba, koma sanafe.

MALICHI

Kamvula kanabwera mochedwa. Chimanga chinali chitapita kale, mapira anadzuka n'kutulutsa ngala. Njovu nazo zinali ndi njala yawo. Tinamanga zingwe zopaka tsabola ndi girisi, tinafukiza njerwa za ndowe ndi tsabola, tinkagona kuminda ndi zitini zoimba. Esinati ankalonda yekha munda wake. Malungo atamugwetsa masiku atatu, munda unagona wopanda munthu.

M'mawa wake tinaupeza ngati bwalo la mpira. Iye anaima pakati atafunda chitenje, akunjenjemerabe, n'kuloza mulu wa ndowe.

"Zandisiyirako, alongo. Mwina ndisankhemo."

Anaseka yekha. Ine ndinamugwira paphewa n'kumuuza kuti Ambuye ndiye mwamuna wa amasiye, ndipo sataya ake. Ndinanena bwino kwambiri. Amayi awiri amene anali pomwepo anati ameni.

MEYI

Mapira athu tinadula ndi kupuntha kumunda komweko. Anadzaza mgolo wachitsulo, uja tinkatungiramo madzi, ndi thumba limodzi lapadera. M'chaka chabwino zimenezo n'zosatchula. M'chaka chimenecho unali moyo wa anthu asanu a m'nyumba mwanga, ndi mbewu yomwe.

Thumba ndinalinyamula panjinga masana, kudutsa pakati pa mudzi kuti aliyense aone kuchepa kwake. Mgolo sindinabwere nawo. Zifukwa ndinali nazo zambiri, ndipo chilichonse chinali choona. Njovu zimaphwanya nkhokwe za m'mudzi. Abale ndi ambiri. Anthu a ndodo aja akhoza kubwera. Tsiku lina kunagwa maliro m'mudzi wa kutsidya, anthu onse anapita, ndipo ine woyambitsa nyimbo ndinati mutu ukundipweteka. Ndinakhuthula mgolo n'kuukunkhuniza wopanda kanthu kulowa nawo pakati pa dambo, pafupi ndi chulu, pamene udzu umapitirira munthu wokweza manja. Ndinatuta mapira ndi ndowa mpaka unadzaza. Chivundikiro ndinachimata ndi dothi losakaniza tsabola kuti njovu zisanunkhize, ndipo pamwamba ndinaunjika nthambi zouma za tsanya, mtengo umene kuno timati mupani. Kuchokera pachulupo denga la Esinati linkaoneka. Munthu wa dzanja labwino akanaponya mwala n'kuligenda.

Amake Tisa anadziwa. Anandifunsa akutsuka ndowa ija.

"Atate ake Tisa, nanga alamu?"

"Tidzawapatsa njala ikafika penipeni."

"Inoyi ndi chiyani?"

Anapitiriza kutsuka ndowa.

Patapita sabata Esinati anabwera ndi beseni lomwe lija, lopanda kanthu. Anakhala pamphasa, tinapatsana moni, anafunsa za ana.

"Mapira aja anakuyenderani bwanji, alongo?"

"Mbalame, mlongo wanga. Thumba ndi ilo ukuliona."

Ndinamuyezera meda imodzi. Anaiyang'ana mmene inagonera pansi pa beseni.

"Ena palibe?"

"Palibe."

Ponena liwu limenelo maso anga anali pa nkhuku imene inkadutsa.

"Chabwino," iye anatero. "Koma mbewu yokha musadye. Ndi ya amayi. Yanga ili m'mimba mwa njovu."

JUNI

Mchimwene wa mkazi wanga, Jailosi, ndi sikauti wa m'mudzi, mmodzi wa aja amalondera nyama ndi tchire m'dera lino la Lupande. Chaka chilichonse mvula ikatha iye ndi anzake amayenda m'midzi kukonza za kutentha tchire msanga. Kumaphunziro kwawo ali nalo dzina la Chingerezi, koma iye amati moto wozizira.

Ntchito yake imayenda chonchi. Udzu ukayamba kufiira kunsonga koma kutsinde ukadali ndi madzi, anthu amalambula kanjira ndi makasu kuseri kwa nyumba ndi minda. Amadikira dzuwa lipendeke, mphepo igone. Ndiye amayatsa m'mphepete mwa kanjirako, moto uziyenda molimbana ndi mphepo, anthu ali pambuyo ndi nthambi zaziwisi. Satentha tchire lonse. Amatentha zigawo zigawo, kuti moto waukulu wa m'chilimwe ukadzabwera udzapeze podya palibe.

Tilinso ndi mwambo wathu. Munthu akafuna udzu wofolerera amapita udzu usanakhwime n'kumanga mfundo kunsonga za udzuwo, apa ndi apo, kuzungulira malo amene wasankha. Udzu wa mfundo uli ndi mwini. Wina sadula, ndipo satentha mpaka mwini atamweta. Nditamva kuti Jailosi akubwera Lachinayi, ndinapita Lachitatu n'kumanga mfundo kuzungulira dambo lonse.

Anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa bwemba. Jailosi anafika atazungulira kale mudzi, nsapato zake zodzaza ndi zisoso.

"Mwaswera bwanji, alamu? Mfundo zonse zija akuti ndi zanu. Mukufuna kufolera Chipata yense?"

Anthu anaseka. Ine ndinaimirira pang'onopang'ono, monga ndinkaimirira m'tchalitchi.

"Udzu umenewo ndi wa denga la nyumba ya Mulungu. Mwaliona nonse mmene likuthonyera."

Linkathonyadi. Kuseka kunatha.

"Zabwino zimenezo," anatero Jailosi. "Ndiye tidule. Masikauti tilipo, amayi alipo, masiku awiri tamaliza, lachitatu tiyatsa."

"Sunakhwime. Ukadulidwa tsopano udzaola padenga."

"Ndiye tingotentha kachigawo kokha kuseri kwa amayi Esinati. Mamita twente basi. Moto wozizira, alamu, ngakhale inu mukhoza kuulumpha ndi jekete lanu la Lamulungu."

Mamita twente amenewo akanafikitsa anthu pafupi ndi chulu. Pakamwa panga panatseguka pokha.

"Moto wozizira kulibe, alamu. Malemba ndawawerenga kuyambira koyamba mpaka kotsiriza, sindinaupeze. Moto ndi chiweruzo. Munthu sayatsa chiweruzo pa chinthu chimene chaperekedwa kale kwa Ambuye."

"Aneneri, Malemba sindiwadziwa ngati inu. Ine ndimadziwa udzu. Udzu uwo udzapsa, mufune musafune. Upse lero uli ndi madzi m'thupi, kapena udzapse Okutobala. Sankhani mwezi basi."

Amayi achikulire anayamba kung'ung'udza kuti cha Mulungu chisakhudzidwe. Jailosi anatembenukira kwa mlongo wanga.

"Amayi, nyumba ili pakamwa pa dambo ndi yanu. Mukuti bwanji?"

Esinati anandiyang'ana. Anali ataonda kale, khosi litatalika.

"Ngati alongo anga ati ndi wa tchalitchi, usiyeni. Ine ndilambula ndekha kuseri kwanga."

Nkhani inathera pamenepo. Iye ndiye anandipulumutsa.

Cha m'ma sikisitini awazi, dzuwa litapendeka, anayatsa mbali zina zonse. Ndinaima patali ndikuonerera, ndipo ndiyenera kuchitira umboni zimene ndinaona. Moto unali wofika m'mawondo. Utsi wake unali woyera, wolemera, wonunkha udzu wauwisi. Unkayenda ngati nkhalamba yopita kudimba, kuima, kuganiza, kupitanso. Mbalame zinkauluka patsogolo pake kugwira ziwala. Kamba wina anatuluka mu udzu n'kuoloka kanjira mosafulumira, mayi wina n'kumukankhira kumbali ndi phazi. Mitengo ing'onoing'ono inangowauka masamba a m'munsi. Dzuwa litalowa mame anagwa, ndipo moto unagona wokha. Patatha masabata awiri palupsa ponse panali msipu wobiriwira.

Mudzi wathu unavala lamba wakuda kuzungulira. Panatsala khomo limodzi losatseka, dambo la mfundo zanga.

OGASITI

Mphepo inayamba. Udzu unayera ngati mutu wa nkhalamba, ndipo ukaugwira unkathyoka m'manja. Ndinamweta mitolo isanu m'mphepete n'kukaiika kuseri kwa tchalitchi kuti anthu aone ntchito yayamba. Mkati sindinalole munthu. Achinyamata a kwaya atadzipereka kudzathandiza ndinati ndinalumbira kuti ndidzadula ndi manja anga.

Chimanga cha chithandizo chinabweradi. Panalibe munthu wa ndodo, panalibe amene anapisa nkhokwe ya mnzake. Anangofunsa maina ndi kuchuluka kwa anthu pakhomo. Ndinaima pamzere womwewo ndi Esinati, ndinalandira monga iye. Sichinakhalitse. Pakutha pa mwezi mlongo wanga anabwerera ku phala la malambe. Kumgolo ndinapitako kawiri, kutenga pang'ono, kumatanso.

Kuseri kwa nyumba yake analambuladi. Ndi manja anjala analambula kanjira kotambalala ngati mphasa imodzi. Ndinamuona tsiku lina atatsamira khasu akupuma, ndipo ndinadutsa njira ina.

Jailosi anabweranso panjinga. Sanakhale pansi.

"Alamu, nthawi yoyatsa inapita. Tikayatsa tsopano tiotcha mudzi. Chatsala ndi chikwakwa. Dulani udzu uja."

"Ndidula."

"Mulungu wanu ndi wodekha. Denga akudikirabe?"

"Musanyoze, alamu."

"Sindikunyoza Iye ayi."

Masiku amenewo pemphero linkandikanika. Mawu ankatuluka, koma ankathera padenga. Ndiye ndinadzipezera chonditonthoza. Ndinati mvula yoyamba ikadzagwa, anthu atadya mbewu zawo zonse, ndidzatulutsa mgolo, theka ndidzapatsa Esinati, ena onse chikho chikho. Adzati munthu uyu ali ngati uja anasunga tirigu m'dziko la eni kuti abale ake asafe. Ndinkaziona m'maganizo, mpaka mawu amene ndikanadzanena. Mwezi umodzi wokha, ndinkatero. Kenaka winanso umodzi.

OKUTOBALA

Amene sanakhale m'chigwa chino mwezi uno sadziwa kutentha. Mupani amakhala atayoyola masamba onse, mthunzi kulibe, nyenje zimalira mpaka m'makutu kuwawa. Agalu amakumba pansi pa nkhokwe.

Linali Lachiwiri, dzuwa lili paliwombo. Utsi unaonekera kum'mawa, wakuda, woimirira. Anauyatsa ndani sitikudziwa mpaka lero. Ena amati osaka mbewa, ena ofula uchi, ena opha nyama mozemba. Dzina lake silikanasintha kanthu. Moto wa Okutobala umabwera chaka chilichonse monga imabwerera mphepo.

Tinaumva usanafike, ngati lole yaikulu pamlatho. Unadutsa m'tchire la mupani, unafika palamba wakuda kumpoto kwa mudzi, unagwada n'kufa. Kuminda chimodzimodzi. Anthu anaima m'makomo akuona moto ukusowa chakudya, mayi wina mpaka anayamba nthungululu. Kenaka mphepo inakhota, ndipo moto unapeza khomo langa.

Malawi anapitirira mitengo. Sanayende, analumpha. Zidutswa za udzu woyaka zinkauluka pamwamba pa mitu yathu ngati mbalame. Kanjira ka Esinati moto sunakaone n'komwe. Denga lake linayaka malawi enieni asanafike, linayamba pamwamba ngati munthu waikapo muuni. Tinathamanga ndi nthambi ndi ndowa, koma kutentha kunatibweza tisanayandikire.

Esinati anali atatuluka, anali atamasula mbuzi zake ziwiri. Ndiye anabwereramo. Pambuyo pake anati ankafuna bulangete ndi mphika wa amayi. Denga linagwa mbali imodzi ali mkati. Jailosi, amene anali atathamangira utsi ndi anzake awiri, anadzithira ndowa yamadzi n'kulowa. Anamutulutsa chokoka, dzanja lamanja la Esinati ndi phewa zikufuka.

Nyumba zina ziwiri zinagwira moto, tinazizimitsa. Khola la nkhunda la aneba linatha.

Tili pakati pothira madzi pa mlongo wanga, m'dambo munayamba kulira chinthu. Phu! Phu-phu! Kenaka kuthetheka kosalekeza, ngati matalala pamalata. Masikauti anagwa chafufumimba, ankayesa ndi zipolopolo zimene opha nyama anabisa. Udzu unali utatha kale, dambo lonse lili poyera, lakuda. Pafupi ndi chulu pokha mulu wa nthambi za mupani unkayakabe, ndipo mupani ukayaka suzima msanga. Tonse tinaona chivundikiro chikudumpha m'mwamba n'kugwera paphulusa.

Fungo linafika lisanafike china chilichonse. Mudzi umene unatha miyezi isanu ndi itatu osakhuta unamva fungo la mapira okazinga.

Anthu anayenda paphulusa lotentha. Mgolo unaima pamenepo wakuda, ndipo pakamwa pake pankasefukira mbuliwuli, zoyera mbee, zikugwera panthaka yakuda n'kumwazika. Ndinakumbukira chakudya chija chinkagwa m'chipululu m'mawa uliwonse, ndi chimene chinachitikira aja anachisunga mobisa kufikira mawa. Ana anathamanga n'kuyamba kutola, kuponya m'kamwa, kupsa zala. Palibe anawaletsa. Mgolowo aliyense ankaudziwa. Pambali pake panali zilembo za dzina langa, zimene ndinakhoma ndekha ndi msomali kuti usasokonekere pachitsime.

Jailosi, munthu wosasowa chonena, anavula chipewa n'kuyang'ana kumbali. Amake Tisa anakhala pansi paphulusa n'kuphimba nkhope.

Esinati anabwera pambuyo pa onse, amayi awiri atamugwiriza, dzanja atalikulunga m'chitenje chonyowa. Anthu anamupatsa njira. Anawerama movutika, anatola kambewu kamodzi ndi dzanja lamanzere, anakatembenuza. Kakhungu kofiira kanali kakadamatirira kumbali.

"A amayi awa," anatero.

Kenaka anandiyang'ana. Sanakweze mawu.

"Munati palibe, alongo. Tsopano mwanena zoona."

DISEMBALA

Esinati anamutengera kuchipatala pangolo, ndipo atatuluka mwana wake wamkazi anamutenga kupita naye ku Kakumbi. Pamalo pa nyumba yake panatsala makoma atatu ndi mphika wosweka.

Lamulungu lotsatira moto ndinaimirira m'tchalitchi, pansi pa denga lothonya lija, n'kunena zonse: maliro amene ndinajomba, mfundo, mzere wolandira chimanga cha chithandizo, ndi dzina la Ambuye limene ndinafunditsa mgolo wanga ngati nthambi. Ndinapempha kuti wina aziwerenga Mawu. Palibe anandikalipira. Ndikanakonda akanandikalipira. Bambo wina wachikulire anangoti, "Tamva," ndipo anayambitsa nyimbo.

Za mumgolo zinagawidwa khomo ndi khomo. Zapamwamba zinali mbuliwuli, zapakati zakuda ndi zowawa, phala lake linkakanda pakhosi. Anthu anadya, inali njala. Pansi penipeni panali mapira ooneka athunthu, ofiira, ngati sanakhudzidwe. Amenewo ndinapempha kuti andisiyire, ndipo anandisiyira.

Mvula itagwa ndinawabzala kumunsi kwa munda, mizere yomwe ija. Ndinkapita m'mawa uliwonse. Udzu unamera, bonongwe anamera, dambo lopsa lija linabiriwira mpaka kukongola. Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinafukula phando limodzi ndi chala. Mbewu inali momwemo, yofewa, yoola. Ndinafukula lina, ndi lina, mpaka kumapeto kwa mzere. Kunja inkaoneka yamoyo, koma inali itapsa mkati.

Ndinayenda midzi yambiri panjinga kufunsa mapira ofiira a ngala zowerama. Ndinapeza oyera, ndinapeza aafupi a masiku ano. A amayi sindinawapeze.

MEYI

Papita nyengo ziwiri. Chaka chatha ndi chino mvula inabwera, tinakolola. Udzu ukayamba kufiira kunsonga sindidikira Jailosi, ndimayamba ndine kulambula, ndipo tsiku loyatsa muuni woyamba wa kudambo amandipatsa ine. Amayi amene amanga mfundo timawathandiza kumweta sabata yomweyo. Denga la tchalitchi tinafolera ndi udzu wa kwina.

Chaka chino, moto ukukwawa patsogolo pathu, Jailosi anandigunda ndi chigongono.

"Aneneri, mwaupeza tsopano m'Malemba?"

Ndinamuuza kuti unalimo kale, ndine ndinkaudumpha. Atate amalanga mwana amene amukonda, ndipo amamulanga msanga, akadali wauwisi. Akanayatsa tsiku lija la Juni, mgolo ukanaoneka. Anthu akanaseka, akanati Aneneri abisa mapira, ndikanayenda chozolika sabata ziwiri kapena mwezi. Manyazi ofika m'mawondo. Mlongo wanga akanadya, nyumba yake ikanaima, mbewu ya amayi ikanakhala m'minda iwiri lero.

Jailosi sanaseke. Anangoti, "Samalani kumanzere uko, ukudutsa."

Nyumba ya Esinati ndinaimanganso pamalo pomwepo, ndi manja anga. Kuseri kwake ndimalambula kanjira kotambalala ngati msewu. Amake Tisa amasesa pabwalo Loweruka lililonse. M'nyumbamo simugona munthu. Mgolo sindinauchotse pachulu, ndipo moto wozizira umaudutsa chaka ndi chaka.

Sabata yatha ndinamanga thumba la mapira oyera panjinga n'kupita ku Kakumbi. Ndinamupeza pakhonde la mwana wake akusankha nyemba ndi dzanja lamanzere. Lamanja siliwongoka, khungu linakokana pachigongono. Anandipatsa mpando, anaitanitsa madzi, anafunsa za alamu ake ndi za ana mmodzi mmodzi. Thumba analandira, anathokoza monga amathokozera mlendo. Ndinamuuza kuti nyumba yake ilipo, denga ndi latsopano. Anati wamva.

Dzuwa litapendeka ndinaimirira kuti ndizipita. Koma ndinakhalanso pansi.

"Esinati, mlongo wanga, ndiuze. Mumtima mwako muli kanthu ndi ine?"

Nkhuku inkadutsa pabwalo. Iye anaitsatira ndi maso mpaka inakhota kuseri kwa khitchini.

"Palibe, alongo."

Ndinapalasa njinga ulendo wonse wobwerera ndi liwu limenelo. Mwina ananena zoona, pakuti iye ndi wabwino kuposa ine, ndipo ndimapempha Ambuye m'mawa ndi madzulo kuti zikhale choncho. Koma liwulo ndimalidziwa. Ndikudziwa kumene munthu amayang'ana polinena, mgolo uli mu udzu.